Mpamba woyambira kuyenga mafuta a mpendadzuwa pa Mponela: ndigogode khomo liti?

Golosale_Mponela:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi golosale pa Mponela pano, ndipo ndikufuna kuyamba kuyenga mafuta ophikira a mpendadzuwa. Malo alipo: kuseri kwa golosaleyo kuli nyumba ya zipinda ziwiri yoti makina ndi matumba zingakwanemo. Mbewuyi alimi akulima ndithu kuyambira kuno mpaka cha ku Madisi ndi Kasungu, koma mavenda amangoikweza m'malole kupita nayo ku Lilongwe, ife n'kumagula mafuta ochokera komweko.

Ndalama yomwe ndasunga ingakwane theka la mtengo wa makina. Ndili m'gulu la banki m'khonde. Akaunti ya bizinesi ndilibe, pepala lomwe ndili nalo ndi laisensi ya khonsolo basi, ndipo malowo ndinagula ndi kalata ya amfumu. Kodi ndalama yotsalayo ndingaipeze kuti? Pa wailesi timamva za NEEF, za ma SACCO, za AGCOM, komanso akuti boma limachepetsera msonkho anthu opanga katundu. Zimenezi zimamufika munthu wa kuno ngati ine, kapena zimathera m'tauni?

Zamakina_Kasungu:

Achimwene, musanagogode khomo lililonse, yambani mwaigawa patatu ndalama mukufunayo. Pali ya makina, pali ya magetsi ndi kukonza nyumba, ndiye pali yogulira mbewu. Inu mwatchula yoyambayo yokha, pomwe imene imagwetsa oyenga mafuta ambiri ndi yachitatuyo.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwagula makina odya makilogalamu 100 pa ola. Mukawayendetsa maola 6 pa tsiku, masiku 22 pa mwezi, akufunika makilogalamu 13,200 mwezi uliwonse. Tingoyerekeza kuti kilogalamu mukugula K1,000, inu muikepo mtengo weniweni wa chaka chino. Imeneyo ndi K13.2 miliyoni pa mwezi umodzi wokha. Tsono mpendadzuwa sapezeka chaka chonse. Alimi amakolola cha mu Epulo ndi Meyi, pofika Ogasiti mbewu yambiri imakhala ili kale m'manja mwa mavenda, mtengo utakwera. Wofuna kuyenga mpaka Disembala ayenera kugula mbewu ya miyezi ingapo m'masabata ochepa a kukolola. N'chifukwa chake mumapeza makina atsopanotsopano angokhala phee, atafunditsidwa lona, mwini wake akubweza ngongole ndi ndalama za bizinesi ina.

Wobwereketsa aliyense wanzeru adzakufunsani kuti thumba limodzi limatulutsa chiyani, ndiye yankho likhale pamlomo. Makilogalamu 50 amapereka malita pakati pa 10 ndi 15, malinga ndi mtundu wa mbewu, kuuma kwake, ndi mmene makinawo akufinyira. Mbewu yamizeremizere ya khungu lokhuthala imapereka ochepa, yakuda ya haibulidi imapereka ambiri. Musagule pa ndowa kapena pa thumba, gulani pa sikelo, chifukwa mpendadzuwa ndi wopepuka: thumba lomwe limalowa chimanga cha makilogalamu 50 silifika pamenepo mukathiramo mpendadzuwa. Mupete ndi kusefa musanathire m'makina, poti mchenga ndi timiyala zimadya chitsulo chofinyira cham'kati, ndipo chikadyeka mafuta ambiri amatsalira mu keke, zotsalira za mbewu ikafinyidwa. Keke imeneyo musaiwerengere ngati zinyalala. Pa makilogalamu 50 mumatsala makilogalamu 30 kapena kuposerapo, ndipo oweta nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka amaigula.

Ine ndinganene kuti chaka choyamba yendetsani ngati chigayo. Mlimi abwere ndi mbewu yake, mumuyengere, alipire pa kilogalamu kapena akusiyireni keke. Phindu lake ndi locheperako, koma simufuna mamiliyoni a mbewu, mumawaphunzira makinawo, ndipo mumadziwa alimi amene ali ndi mbewu yabwino. Mbewu yanuyanu muzigula pang'onopang'ono ndi zomwe zikulowa.

Za magetsi musazengereze. Mota ya makina otere nthawi zambiri imafuna three phase, magetsi amphamvu onga a pa chigayo, pomwe golosale imakhala pa single phase, magetsi wamba a m'nyumba. Pitani ku ESCOM akupatseni koteshoni musanalipire makina. Thiransifoma ikakhala patali, mtengo wokokera mawaya ungapikisane ndi wa makinawo. Muwerengerenso sefa ya mafuta, migolo yodikhira, zigubu ndi lamba wapadera. Mafuta ongotuluka kumene amakhala akuda ndi tizinyenyeswa, ndipo opanda sefa muyenera kuwasiya masiku angapo kuti adikhe.

Mayi_wa_Masheya:

A Zamakina anena zoona, ndipo kugawa patatuko kukuthandizaninso kudziwa khomo loyenera, chifukwa ndalama iliyonse ili ndi ntchito yake.

Ya banki m'khonde musagulire makina. M'magulu ambiri munthu amabwereka mpaka katatu ka masheya ake, chiwongola dzanja chimakhala 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, ndipo ngongole imabwezedwa m'mwezi umodzi mpaka itatu. Mukatenga K500,000 pa 20 peresenti kwa miyezi itatu, chiwongola dzanja chokha ndi K300,000. Makina sangabweze zimenezo m'miyezi itatu. Ndalama imeneyi ndi ya chinthu chotembenuka msanga, monga zigubu, kapena matumba ochepa a mbewu oti muyenga sabata yomweyo n'kugulitsa. Ubwino wake ndi woti chiwongola dzanjacho chimabwerera kwa inu nomwe pogawana kumapeto a chaka. Katapila ndiye musayandikire n'komwe.

Pa makina, khomo loyamba lomwe ndingakulozereni ndi SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama. Mumalowa umembala, mumagula masheya, mumasunga kwa miyezi ingapo, kenako mumaloledwa kubwereka kawiri kapena katatu ka zomwe mwasunga, mamembala anzanu atakuikirani kumbuyo. Poti inu muli kale ndi theka, masamu ake akukukomerani: mukaika ndalamayo kukhala masheya, ngongole yomwe mungatenge ifika pa mtengo wa makina, masheya anu ali chikhalire ndipo akupindula. Chofunika ndi kufunsa ngati SACCO imeneyo ili ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank komanso ngati ili pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno. Lamulo loyendetsera ma SACCO linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo gulu longodzitcha SACCO lopanda chiphaso likagwa mulibe kokadandaula.

NEEF ndi bungwe la boma lomwe linayamba ngati MARDEF, kenako linakhala MEDF, dzina la NEEF linabwera mu 2020. Limapereka ngongole za magulu komanso za munthu payekha, ndipo ya payekhayo imafuna chikole. Ndi ngongole, si mphatso, ngakhale ena kumudzi amaitenga ngati ndalama ya boma yongodya. Mukalowa ya gulu dziwani kuti walira mvula walira matope: mnzanu mmodzi akathawa, otsalanu ndi amene mumubwezere. Mfundo yomweyi imagwiranso ku mabungwe ena obwereketsa magulu monga FINCA, Vision Fund ndi CUMO. Musalowe gulu ndi munthu amene simukudziwa komwe amagona ndi chomwe amagulitsa. Funsaninso tsiku lomwe mudzayambe kubweza. Ngongole yoyamba kubwezedwa pakangotha milungu iwiri kapena mwezi ndi ya wogulitsa tomato ndi kaunjika, si ya munthu amene makina ake akudikira magetsi. Pemphani nthawi yopumira, ndipo ilembedwe m'pangano.

Tsopano nkhani yomwe imapweteka anthu ambiri, kawerengedwe ka chiwongola dzanja. Obwereketsa awiri angakuuzeni onse kuti 5 peresenti pa mwezi, koma zolipira n'kusiyana kutalitali. Tengani K1,000,000 yobweza m'miyezi 12. Woyamba amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga mpaka mapeto: K50,000 mwezi uliwonse, pamodzi K600,000. Wachiwiri amawerengera pa yotsala yokha, ndiye mukamadula ngongole mofanana mwezi ndi mwezi chiwongola dzanja chonse chimakwana K325,000. Kusiyana kwake ndi K275,000 pa peresenti yomweyomweyo. Kuwonjezera apo pali zodula asanakupatseni: ya fomu, ya inshulansi, ndi ina yomwe amati musunge kwa iwo ngati chikole. Akadula 10 peresenti mulandira K900,000 koma mubweza ngati munalandira miliyoni yathunthu. Choncho mafunso anu akhale awiri: m'manja mwanga mulowa zingati, ndipo pomaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi? Akulembereni papepala mwezi ndi mwezi musanasaine.

Ku banki yaikulu kalata ya amfumu sailandira ngati chikole, amafuna lizi, chikalata cha boma cha malowo. Koma chikole si malo okha. Lamulo la 2013 limalola katundu wosunthika, monga makina, galimoto kapena ziweto, kulembetsedwa ngati chikole m'kaundula wa boma. Ndiye pali ngongole yoti banki imalipira yokha kwa wogulitsa makina, inu n'kuperekako gawo, makinawo n'kukhala chikole mpaka mutamaliza. Pamenepo adzafuna sitetimenti ya akaunti ya miyezi 6 kapena 12. Tsegulani akaunti sabata ino ndipo ndalama za golosale zizidutsa kumeneko tsiku ndi tsiku, ngakhale muzitapanso mawa lake. Ndalama ya m'kabati banki siiona. Adzayang'ananso dzina lanu ku Credit Data CRB kapena TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, ndiye ngati pali kangongole kakale, ngakhale ka pafoni, kamalizeni. Dziwaninso kuti chiwongola dzanja cha mabanki ndi chokwera: mu 2024 Reserve Bank inaika mlingo wake pa 26 peresenti, ndipo wamalonda wamng'ono ankalipira kuposa pamenepo.

Chomaliza, makinawa amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makoteshoni omwe anthu anali nawo m'manja anasanduka mapepala chabe. Funsani wogulitsa kuti mtengo wake ugwira masiku angati, muyerekeze ndi nthawi yomwe ngongole itenge kuti ituluke.

Golosale_Mponela:

Zikomo kwambiri nonse awiri, za three phase zija sindinaziganizeko n'komwe. Nanga za AGCOM bwanji? Akuti kumeneko ndalama zake sabweza. Nditasonkhanitsa abale ndi anzanga khumi n'kulembetsa kopaletivi, sizingatheke kuti makinawo tipezere kumeneko?

Mlangizi_Dowa:

Bambo, apa ndiyankhule mosapsatira, chifukwa maganizo amenewa agwetsa magulu ambiri. AGCOM ndi ntchito ya boma yothandizidwa ndi World Bank, ndipo thandizo lake limapita makamaka ku magulu a alimi olembetsedwa. Kayendetsedwe kake kodziwika n'kakuti ntchitoyo imapereka 70 peresenti ya mtengo wa zomwe gulu likufuna, gululo n'kusonkha 30 peresenti, gawo lina ndalama zenizeni zoika ku akaunti, gawo lina zinthu monga njerwa, mchenga ndi ntchito ya manja. Gulu liyenera kukhala ndi wogula amene lagwirizana naye polemba, liyenera kutumiza kaye maganizo ake mwachidule pamene alengeza kuti akulandira, ndipo likasankhidwa ndi pomwe limalemba pulani yonse ya bizinesi. Zonsezi zimatenga miyezi yambiri, ndipo amabwera kudzaona ngati alimiwo alipodi ndi minda yawo.

Lamulo limalola anthu 10 kulembetsa kopaletivi ku Unduna wa Zamalonda, atayamba aphunzitsidwa. Koma makina ogulidwa mwa njira imeneyi ndi a kopaletivi, si anu. M'kopaletivi membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya anasonkha zambiri kaya zochepa. Mukaika theka lanu lija mmenemo, tsiku lina anthu asanu ndi mmodzi angagwirizane kukuchotsani pa upampando, ndipo lamulo lidzakhala mbali yawo. Gulu losonkhanitsidwa chifukwa chongomva kuti kwabwera ndalama silichedwa kupasuka: pofika nthawi yosonkha 30 peresenti ija aliyense amayang'ana kumbali.

Malo anu enieni m'ndondomeko yotere ndi a wogula. Pezani kalabu kapena kopaletivi ya alimi a mpendadzuwa yomwe ilipo kale, kudzera kwa alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya kwanuko. Gwirizanani polemba kuti chaka chino mudzagula matani akutiakuti, a mtundu wakuti, ouma bwino, pa mtengo wosatsika pa womwe boma lalengeza. Iwo kalata yanuyo iwathandiza popempha thandizo la nkhokwe kapena zipangizo, inu mwapeza mbewu yodalirika. Gulu likakhala ndi nkhokwe yake mungagwirizane kuti muzitenga mwezi ndi mwezi n'kumalipira pomwe mwatenga, ndiye vuto la mamiliyoni a nthawi yokolola lija lachepa. Musalonjeze matani oposa omwe mungalipire. Mukalephera kamodzi, chaka chamawa mbewu yonse ipita kwa mavenda.

Njira ina pa mbewu ndi lisiti ya nkhokwe, monga zimachitikira ku ACE, bungwe loyendetsa msika wa zokolola. Mumasungitsa mbewu m'nkhokwe yovomerezeka, amaiyeza ndi kuipima, amakupatsani lisiti, ndipo lisitiyo imakhala chikole chobwerekera gawo la mtengo wa mbewuyo. Muwerengere ndalama yosungira ndi chiwongola dzanja, ndipo mufunse kaye ngati nkhokwe yapafupi ikulandira mpendadzuwa.

Ndalama zosabweza za munthu payekha ziliko koma ndi za mpikisano. Tony Elumelu Foundation imapereka madola 5,000 kwa amalonda ongoyamba a m'maiko onse a mu Africa, kufunsira kwake ndi kwa pa intaneti kumayambiriro a chaka, ndipo n'kwaulere. Yesani, koma musaimike pulani yanu podikira zimenezo. Aliyense wokutumizirani uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mwasankhidwa, mutumize ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi wakuba.

Pa kalembedwe ka pulani ya bizinesi muli ndi mwayi, poti bungwe la boma lothandiza amalonda ang'onoang'ono, lomwe ambiri amalidziwa kuti SMEDI, lili ndi sukulu yake pa Mponela pomwepo. Kafunseni masiku a maphunziro. Ofesi ya zamalonda ku khonsolo ya Dowa nayo imadziwa mabungwe omwe akugwira ntchito m'bomalo chaka chimenecho.

Wowerengera_Ndalama:

Ndiyankhepo za msonkho, poti munafunsa ngati zochepetsera zija zimafika kumudzi. Lamulo silisankha tauni kapena mudzi. Limasankha amene ali m'kaundula. Poyambira ndi kulembetsa dzina la bizinesi, zomwe masiku ano zimatheka pa intaneti kudzera pa MBRS, tsamba la boma lolembetsera mabizinesi, kenako kutenga ku MRA nambala yolipirira msonkho, TPIN, yomwe ndi yaulere. Mapepala awiri amenewa ndi omwenso banki idzafune potsegula akaunti ya bizinesi.

Amalonda ang'onoang'ono ali ndi msonkho wawo wokhazikika womwe unayamba mu 2021. Pomwe unkayamba, wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni pa chaka sankalipira kanthu, ndipo malire ake apamwamba anali K12.5 miliyoni. Kumeneko amawerengera zogulitsa zonse, osati phindu. Malinga ndi masamu a a Zamakina aja, mukayamba kugula mbewu yanu mudzadutsa malirewo msanga, ndipo mudzalowa msonkho wa pa phindu. Apa ndi pomwe pali chokomera opanga katundu: makina atsopano amaloledwa kuchotsedwa mtengo wake wonse, 100 peresenti, pa phindu lokhomedwa msonkho m'chaka chomwe mwayamba kuwagwiritsa ntchito, pomwe ogwiritsidwapo kale ntchito amachotsa 40 peresenti. Kuchotsako kukaposa phindu la chaka chimenecho, zotsalazo zimapitirira zaka zotsatira mpaka zisanu ndi chimodzi. Koma zonsezi zimafuna invoisi yolembedwa dzina la bizinesi yanu yolembetsedwa. Mukagula makina kwa munthu pamanja popanda pepala, kapena invoisi ikalembedwa dzina la mlamu wanu amene anakaitanitsa, mwataya mwayi umenewu. Choncho lembetsani kaye, makina pambuyo.

Zoti kampani ikhale zaka mpaka 10 osalipira msonkho wa pa phindu n'zoona, koma zimenezo ndi za mafakitale a mpamba waukulu kwambiri, musatayepo nthawi. Ngati makina muitanitsa nokha kunja, msonkho wa pa chipata umatsatira nambala ya mtundu wa katunduyo. Kaonaneni ndi ejenti wotulutsa katundu musanatumize ndalama, chifukwa ngati pali chilolezo chochepetsera msonkho chimapemphedwa katundu asanafike pa Dedza, Mwanza kapena Songwe. Akafika chilolezo mulibe, mumalipira zonse, apo ayi katundu amakhala pamenepo ndalama yosungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku.

Mukadzayamba kuperekera mafuta ku sukulu zogonera konko, zipatala kapena mashopu akuluakulu, adzakudulani 3 peresenti polipira. Imeneyo si yotayika. Tengani satifiketi yake nthawi iliyonse, imachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka. Kuti mugulitse ku boma muyenera kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo kuyambira 2020 pali lamulo lopatulira amalonda ang'onoang'ono gawo la zomwe boma limagula. Chenjezo langa ndi loti malipiro a oda zotere amatha kuchedwa miyezi, choncho musapereke mafuta opangidwa ndi ngongole yobweza mwezi ndi mwezi kwa wogula mmodzi yekha.

Misika yonseyi siitseguka popanda chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu. Amabwera kudzaona nyumbayo: pansi pa simenti posalala, denga losadontha, madzi osambira m'manja, mbewu ndi keke zisakhale chipinda chimodzi ndi mafuta osefedwa. Amatenga mafuta kukayeza, amaona lebulo ngati ili ndi dzina lanu, kuchuluka kwake, nambala yosonyeza mafuta opangidwa ulendo umodzi ndi tsiku lothera mphamvu. Mafuta ophikira ogulitsa m'dziko muno amayenera kuthiridwa vitamini A, ndiye mtengo wa mankhwala ake ulowe m'bajeti. Pogula mbewu kwa alimi pamafunikanso chiphaso cha ku Unduna wa Zaulimi ndi sikelo yodindidwa ndi MBS.

Mayi_wa_Masheya:

Pamodzi pokha ndisiyane pang'ono ndi a Zamakina. Kuyengera anthu ngati chigayo n'kwabwino, koma ndalama yake imalowa kwambiri kuyambira Meyi mpaka cha mu Seputembala, kenako imazilala, pomwe ngongole ya makina imafuna kubwezedwa miyezi yonse 12. Ndiye achimwene, pokambirana ndi SACCO kapena banki, pemphani kuti muzibweza zambiri miyezi yokolola ndi zochepa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Akakana, onetsetsani kuti golosale payokha ingathe kulipira gawo la mwezi kwa miyezi inayi imeneyo osakhudza katundu wa m'mashelefu. Muwerengerenso nthawi cham'mbuyo: kuti makina akhale atazungulira pofika Epulo, akaunti ndi masheya ziyenera kuyamba pofika Julayi kapena Ogasiti wa chaka chapitacho, koteshoni ya ESCOM ikhale m'manja mvula isanagwe, ndipo ngongole ituluke pofika Januwale.